Chigoli cha Kwawo

Mpira utangogwedeza ukonde, telala anadzambatuka n'kukuwa, manja ali m'mwamba. Anakuwa yekha. Timu yomwe inagoletsayo inali ya mzinda wakwawo, komwe anasamukako mwezi wathawu, ndipo anthu onse a mbali ya bwalo imene anakhalayo, omwe ankachemerera timu inayo, anatembenuka kumuyang'ana.

"Alamu, khalani pansi," mlamu wake ananong'ona akumukoka malaya. "Ine ndimati tikaonere kanema, inu n'kumati zakuno n'zozizira, kwanu ndiye kumatentha. Si izi?"

Ng'oma ya ochemerera inasiya kulira. Telala anayang'ana chipata, koma chinali kutali.

Dzanja lolemera linatera paphewa pake.

"Si inu mumasoka pakhonde pafupi ndi msika?" bambo wa kumbuyo kwake anafunsa mofatsa. "Ndakudziwani."