Kuyambira Kumutu Mpaka Kuphazi

Basi inalowa m'depoti dzuwa lili paliwombo. Wamaspeya anatsika womaliza, chikwama cha zitsulo zagalimoto kumsana, foni yakuntchito pakhutu. Bwana wake anayamba kukalipa basi isanafike n'komwe m'tauni. Anakalipa iye akutsitsa chikwama. Anakalipa iye atawerama pampando, dzanja lili kunsapato. Anakalipabe mpaka foniyo inathima yokha, moto utatha.

Pakhomo pa basi munthu anamugunda paphewa. Bambo wowonda, wa jekete lobiriwira, jumbo m'manja. Sanapepese. Anangodutsa chothamanga.

Wamaspeya anapisa m'thumba kuti atenge foni yakeyake, yatsopano ija, amuimbirenso bwana. M'thumba munali mphepo yokhayokha.

Iyeyo? Mkhalakale wa m'madepoti, amene amaphunzitsa anzake kobisa zinthu pa ulendo? Amubere masanasana?

"Wakuba! Wa jekete uyo! Mugwireni!"

Depoti sichedwa. Oitanira anasiya mabasi awo. Wa wilibala anamutchinga kutsogolo, wa jeketeyo n'kugwa chafufumimba. Jumbo inang'ambika. Tinsapato ta mwana tinagubuduka m'fumbi.

"Akuluakulu, basi yanga ikunyamuka! Ndi iyo apo!"

"Basi yako ndi ino, achimwene," anatero woitanira wina, nsapato ikutera m'nthiti. "Yopita kumanda. Malo alipo, kwera!"

Anthu anaseka. Anamuvula jekete, n'kumupisa paliponse. Anangopeza kafoni kamabatani komanga ndi mphira.

"Wapatsira mnzake. Amayenda awiriawiri awa," wina anatero.

Mayi wogulitsa madzi anakoka Wamaspeya pamkono. "Bambo, tchulani nambala, ndiimbe." Anatchula. Mayiyo anaika foni pakhutu. "Ikulowa. Koma sikulira paliponse."

"Siilira. Ndinatseka mawu, imangonjenjemera. Anandiuza ndi adokotala."

Mayiyo anaimbanso. Wamaspeya sanadikire. Anakankha anthu, n'kulowa pakati.

"Ili kuti?"

"Sindinatenge kanthu, bwana."

Chibakera. Mlomo unang'ambika.

"Ndati ili kuti?"

Theche. Lina. Linanso. Dzino linagwera pafupi ndi kansapato kamodzi. Wa jekete anadzipinda, manja kumutu, akutchula dzina la mwana wake. Mozungulira, mafoni anali m'mwamba. Aliyense ankajambula. Aliyense ankaonera pagalasi la foni yake, ngati zikuchitika kutali.

Wina anabwera akugubuduza tayala. Wanjinga yamoto anagwada, n'kuyamba kukhetsera petulo m'botolo.

Apo m'pamene chifuwa cha Wamaspeya chinamanga. Mpweya unakana kulowa. Maso anachita mdima m'mbalimu.

Ankachidziwa chimenechi. Mwezi watha chinamugwetsa pa depoti ina, anthu n'kumunyamulira kuchipatala. Magazi othamanga. Adokotala sanangomupatsa mapiritsi.

"Bambo, inu thupi limatsika basi, mutu uli ku ofesi," anatero tsikulo. "Mukamva chonchi, imani. Pumani. Kenako yenderani thupi lanu ngati mukuyendera nyumba, chipinda ndi chipinda, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Musathamange. Ingomvani zimene zilipo."

Iye anaseka. Mkazi wake sanaseke. Ankamukumbutsa m'mawa uliwonse, naye ankayesa kuti m'nyumba mukhale mtendere. Koma sanamalizepo. Akangofika pachifuwa, foni yakuntchito inkalira.

Lero panalibe foni yomudula.

Anatuluka m'gulu akudzandira. Anatsamira basi. Anatseka maso.

Mutu: wotentha, mtsempha ukugunda pafupi ndi khutu. Nsagwada: zolumana. Anazimasula. Khosi: louma gwa. Mapewa: malamba a chikwama akudula mnofu. Nthawi yonseyi ankamenya munthu atabereka zitsulo, osadziwa.

Anakoka mpweya. Unalowa pang'ono, ukununkha petulo. Anautulutsa. Anakokanso.

Chifuwa: chikumasuka. Manja: zala zotupa, zonata. Mimba: yopanda kanthu chidzukireni.

Phokoso linayamba kumveka lililonse palokha. Injini ya basi ikutuluka pageti. Woitanira akuseka. Munthu akubuula pansi. Madzi akukhuthukira m'botolo. Ayi, si madzi.

Koyamba m'miyezi yambiri, Wamaspeya anali pamalo pomwe anaima. Adokotala aja sananame. Mtima unayamba kubwerera m'malo mwake. Wakubayo zake zimuonekere. Iye sangafe chifukwa cha mbava.

Anapitiriza kutsika. Phazi lamanja: zala zikuwawa ndi matheche aja. Mwendo wamanzere.

Anaima pamenepo.

M'munsi mwa katumba, mkati mwa sokosi, chinthu chosalala chinali kunjenjemera. Chinasiya. Chinayambanso.

"Ikulowabe, bambo," anatero mayi wamadzi uja.

Wamaspeya anakumbukira kuwerama kuja pampando, bwana akukalipa, dzanja likuchita lokha zimene limachita basi ikamalowa m'depoti. Anatsegula maso. Tayala linali kale m'khosi mwa bambo wa jekete.

"Ali ndi machesi ndani?" wina anafunsa.

"Ndili nawo," anayankha wina.