Doña Herminia Akana Kuchoka Pansi pa Nsanja

Nyumba makumi awiri ndi zitatu zinali zitatsekedwa, eni ake atatsikira kutchalitchi kumunsi kwa phiri. Inatsala imodzi. Doña Herminia Ocoró anali pakhonde pake akukanda ufa wa arepa, zikondamoyo za chimanga, m'beseni, ngati kuti linali Lachiwiri wamba.

Yamile Cuero anayang'ana wotchi. Ntchito yake pakampani yokonza nsanja inali imodzi: kutsimikizira kuti pansi pa njira ya helikopita palibe munthu. Mlongoti wakale wa wailesi yakanema, wolemera matani anayi, unkayenera kuchotsedwa ndi helikopitayo pamwamba pa nsanja m'mawa womwewo kuti pakhale watsopano. Amuna atatu, motsogozedwa ndi Don Aristides, mkulu wa okwera nsanja, anali kale mamita mazana awiri m'mwamba, atamasula mabawuti onse kupatula anayi. Mphepo ya mumzinda uno wa Manizales imadzuka cha m'ma teni koloko. Ikadzuka, mlongoti wogwira ndi mabawuti anayi si chinthu choseweretsa.

"Doña Herminia, chonde. Ola limodzi lokha. Galimoto ikukudikirani."

"Idikire. Nsanjayi inandipeza pano. Wochoka ndi ine kapena iyo?"

"Chingwe chikaduka, chitsulocho chigwera padenga panu."

"Chigwe. Chinandigwera kalekale."

Mayiwo anapukuta manja pa epuloni, naloza m'mwamba ndi chibwano.

"Nsanja imeneyo inanditengera amuna anga, mwanawe. Tsiku lomwe ankakweza mlongoti umenewo, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo. Ndinawauza kuti musapite, khofi wathuyu akutikwanira. Anangoseka, n'kumanga lamba wawo. Ana anayi ndalera ndekha muno, chitsulocho chikundiyang'ana pazenera usana ndi usiku. Ndiye lero akuchitsitsa, ine ndikakhale kutchalitchi n'kumaimba nyimbo? Ndichiona ndi maso angawa."

Bambo ake a Yamile anatsalira mumgodi iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankakumbukira mayi ake ataima pachipata masiku atatu, alonda akuwakankha, iwo osasuntha.

Wailesi ya m'manja inatsokomola. Anali Injiniya Bolaños, mkulu wa ntchitoyo.

"Cuero, kwatsala anthu?"

"Mmodzi, bwana. Mayi wamasiye."

"Itana apolisi amunyamule ndi mpando wake womwewo."

"Ayi, bwana."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Helikopita idzere kuchigwa. Kumeneko kulibe nyumba, ndipo zingowonjezera mphindi ziwiri."

"Njira inavomerezedwa kale. Ukufuna kundiphunzitsa ntchito iwe?"

"Ndiye bwerani mudzawanyamule ndi manja anu. Ine sindinena kuti pansi pali bwino, ndipo ndisananene ndegeyo sinyamuka."

"Mawa usaoneke kuntchito."

"Za mawa tiona mawa, bwana. Mphepo ikubwera lero."

Kenako woyendetsa helikopita, yemwe ankamva zonse, analowererapo ndi mawu aulesi: "Kuchigwa kuli bwino kwa ine, Injiniya. Tikamakangana chonchi anyamata aja agona kumwambako."

Yamile anavula chisoti chake n'kuwaveka mayiwo. Chinawafika m'maso. Sanathokoze, koma anamusendezera kampando.

Phokoso linayamba kuseri kwa phiri, lolemera ngati mabingu akutali, kenako helikopita inatulukira, yofiira, chingwe chikulendewera kumimba kwake. Malata a pakhonde ananjenjemera. Nkhuku zinathawira pansi pa thanki. Pamwamba pa nsanja anthu atatu aja ankaoneka ngati nyerere, mmodzi atatambasula dzanja kuti agwire mbedza yomwe inkavina pamutu pake. Mawu a Don Aristides ankamveka pawailesi, odekha ngati akuitanitsa khofi: tsika pang'ono, kumanzere, basi pomwepo. Mabawuti anayi aja anachoka limodzilimodzi. Mlongoti wakale unazengereza kaye, ngati dzino losafuna kuzuka, kenako unanyamuka n'kuyandama molunjika kuchigwa.

Doña Herminia anaimirira. Anautsatira ndi maso mpaka unazimiririka kuseri kwa mitengo ya bulugamu.

Watsopano unabwera patatha mphindi makumi awiri, woyera mbee. Mphepo inali itayamba kuwomba. Kawiri konse chitsulocho chinapendekera kumbali, amuna aja n'kubisa mitu. Kachitatu chinakhala pamalo pake, ndipo helikopita inamasula chingwe n'kubwerera.

Apo m'pamene Yamile anaona kuti mayiwo akulira. Misozi inkatsika pansi pa chisoti n'kugwera mu ufa. Anawagwira dzanja.

"Pepani, mayi. Chapita tsopano. Mzimu wa malemu uuse mumtendere."

Doña Herminia anamuyang'ana m'maso. "Malemu ake ati?"

Wailesi inatsokomolanso. "Cuero, ndine Aristides. Tamaliza. Kodi nkhalamba ya pakhondeyo yaona?"

Mayiwo anamulanda Yamile wailesiyo n'kuikuwira ngati ikumva movutikira.

"Ndaona, Aristides! Zaka makumi atatu ndi chimodzi mukuzungulira nsanja za dziko lonse, kunyumba kumangobwera kudzasintha malaya. Munalumbira pamaso pa ana kuti mlongoti uja ukadzatsika, nanunso mudzatsika osakweranso. Watsika. Tsikani, amuna anga, musandiyankhe n'komwe!"