Mbewa Yomwe Inachira

"Igwireni bwino, mayi, tiiphe tione mitsempha yake," anatero dokotala.

Mayi wosamalira mbewa za kafukufuku anaitola. Mbewayo inabadwa ndi matenda akumtundu ofoola miyendo ndi manja, omwe aja anatenga bambo ndi mlongo wa mayiyo. Mankhwala atsopano anali ataichiritsa, koma anthu odwala akuti adikire kaye zaka khumi asanawalandire.

Zala za mayiyo zinangomasuka. Mbewa inagwa, n'kuthamangira kuseri kwa kabati.

"Chisoni chanuchi chidzatichotsetsa ntchito," dokotala anaseka, akugwada kuifunafuna. "Koma liwirolo mwaliona?"

"Ndaliona, adokotala."

Mayiyo anayesa kufumbata dzanja, koma linakana. Bambo ake nawonso anayamba chonchi, kugwetsa kapu ya tiyi, ana onse akuwaseka.