Pepala Lokhala ndi Chaka Chothera

Che Ayuba anakweza pepalalo padzuwa, monga amachitira ndi ndalama ya mlendo wogula matemba. Linali la mnzake wa mwana wawo Nasiru, ndipo akuti mnzakeyo analipeza m'miyezi isanu ndi umodzi yokha ataphunzira kulumikiza makompyuta kuti azilankhulana.

"Ndiye iwe usiye yunivesite chifukwa cha ichi, ine ndigulitse bwato?"

"Mayeso ake ndi ovuta kuposa athu, ababa. Ambiri amalephera. Mnzangayu anamulemba ntchito sabata yomweyo."

Chala chawo chinaima m'munsi mwa pepalalo. Chingerezi sankachidziwa, koma manambala sankawaphonya.

"Nanga 2001 uyu akufunanji pano? Chaka chimenechi sitinafikeko."

"Ndi chaka chothera. Likatha umakalembanso mayeso."

"Pepala lovunda ngati nsomba? Akukuberani anthu amenewa. Digiri siitha."

"Ya achemwali siinathedi," anatero Nasiru motsitsa mawu. "Chino ndi chaka chachitatu ili m'sutikesi."

Che Ayuba anatembenukira kunyanja. Nayonso ankalumbira kuti singathe, mpaka chaka chija inaphwa, iwo n'kupita ku chilumba cha Chisi wapansi, fumbi lili koboo.

Anakwezanso pepalalo padzuwa.