Miyendo ya Mkamwini

Padangotero, inu muzingoti tili tonse. Gwape adakalowa chikamwini kumudzi kwa a Mbawala, ndipo apongozi ake sadachedwe kumupatsa ntchito yoponda dothi loumbira njerwa. Chilimwe chonse Gwape ankaswera m'nkhuti, dzenje lija amakumbamo dothi, matope lekeza m'mawondo. Akazula mwendo uwu, winawo watitimira. Poweruka ankayenda ngati nkhalamba.

Mlamu wake Mbawala, katswiri wa liwiro m'dambo lonselo, ankangokhala pamthunzi n'kumadzola mafuta m'miyendo.

"Alamu, mukudziwononga," ankatero uku akuseka. "Miyendo ya liwiro ndi mazira, saisenzetsa katundu. Mudzathamanga ngati ng'ombe ya pangolo."

Tsiku lina Gwape zidamukwana. "Chabwino alamu, tiyeni tithamange kuchokera pachulu paja, tidzalumphe nkhutiyi. Wolephera amalize kuponda dothi latsalali."

Mudzi wonse udasonkhana kudzaonerera. Atangoliyatsa liwiro, Gwape adadabwa yekha. Miyendo yozolowera kulimbana ndi matope ija inkangouluka panthaka youma, ngati yobwereka. Pofika m'mphepete mwa nkhuti adadzikankha kamodzi n'kukatera tsidya, fumbi kobo!

Mbawala adafika ali wefuwefu. Adalumpha mokongola ndithu, koma mphamvu zidamuthera m'malere. Khuvu! Kunja kudangotsala makutu.

Apongozi adaseka mpaka kugwira nthiti. Gwape adasuzumira m'nkhutimo, nalankhula ndi ulemu wonse wa mkamwini:

"Poti mwalowa kale, alamu, yambirani pomwepo kuponda. Mafuta aja tikusungirani."