Njinga ya M'chitsime

Goodwin anapukutanso thanki ngakhale panalibe fumbi. Njinga yamoto inaima pakhonde ikunyezimira, yofiira ngati tsabola wakupsa. Amayi ake, a Esitele, anali pamphasa chapotero akuswa mtedza.

Ntchito yokonza njingayi inamudyera miyezi isanu ndi inayi. Akaweruka ku boda ya Zambia, komwe ankalembera madalaivala mapepala a katundu, ankangosintha malaya n'kugwira sipanala. Kabuleta anakaipeza ku Chipata. Masipoko anamanga yekha, imodziimodzi. Dzimbiri analipala mpaka zala zinatuluka matuza. Anzake ankati wapenga, munthu angataye bwanji nthawi pa chigoba pamene njinga zatsopano zili mbwee pa Boma? Iye ankangomwetulira. Anzakewo sankadziwa kuti chigobacho chinali ndi mlandu.

Yamaha imeneyi inali ya bambo ake, a Alufeyo, mlangizi wa zaulimi ku Mavwere. Inali ya kuntchito. Inasowa mu 1993, Goodwin ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mabwana anati a Alufeyo aigulitsa ku Zambia, ndipo anawachotsa ntchito. Bambowo anayamba kachasu, ndipo zaka zinayi zisanathe anamwalira. Goodwin anasiya sukulu zaka ziwiri, akuweta ng'ombe za eni.

Mudzi wonse unkaloza chala a Lameki, oyandikana nawo nyumba, koma umboni panalibe. A Lameki anakana mpaka kulumbira pa Baibulo, kenako anasamuka ndi banja lawo. Ndiye chaka chatha, anthu amene anagula malo a Lameki akufukula chitsime chakale kuseri kwa bwinja, anakumana ndi chiwongolero cha njinga yamoto. Nambala ya pa injini inali yomweyo imene inali pa kalata yochotsera a Alufeyo ntchito, choncho chigobacho anamupatsa Goodwin.

Goodwin sanapite kupolisi. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu angaimange ndani? Iye ankafuna china. Lero, Loweruka, kunali chinkhoswe cha mdzukulu wa a Lameki ku Dambe. Kudzakhala azibusa, akuchimuna ochokera ku Lilongwe, mudzi wathunthu. Iye adzalowa pakati pa bwalo injini ikubangula, n'kuimika njingayo pamaso pa mkuluyo, n'kumufunsa pa maikolofoni ngati akuikumbukira. Mawu ake anali atawaloweza kale. Ankafuna kuona milomo ija, imene inalumbira bodza, ikunjenjemera.

Anavala jekete, n'kukwera. Anaponda kiki kamodzi, injini inangotsokomola. Anapondanso. Kachitatu inalira, mawu okhuthala, omwe aja ankawamva ali mwana bambo ake akutulukira pa mtengo wa mango. Nkhuku zinabalalika.

A Esitele anasiya mtedza. Anaiyang'ana njingayo nthawi yaitali, nkhope ili gwa.

"Zimitsa," anatero.

"Amayi, ndachedwa kale."

"Ndati zimitsa, iwe."

Anazimitsa.

"Ukupitadi ku Dambe?"

"Ndikupita. Munthu uja anapha bambo. Anatidyetsa gaga zaka zonse zija, inu mukugwira ganyu m'minda ya anthu. Lero aone manyazi pamaso pa adzukulu ake."

"Ndimayesa ikukanika kulira," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Tsiku lililonse ndimapempha kuti ikukanike."

Goodwin anaseka pang'ono. "Musaope, Amayi. Sindikamugwira ndi dzanja. Ndikangomufunsa funso limodzi basi."

A Esitele anakutumula makoko pa chitenje chawo, n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso, osaphethira.

"Funsolo undifunse ine. Lameki sanaikhudze njingayo. Ndinaikankhira m'chitsime mwake ndine, tsiku limene mudzi wonse unali ku maliro, n'kukwirirapo zinyalala. Bambo ako ankakwezapo mkazi wa Lamekiyo kupita naye ku boda, ine ndikuyenda wapansi kuchipatala mlongo wako ali kumsana." Anatola mtedza wina n'kuuswa. "Ndipo ukaisiya pakhonde panga pano, chitsime china ndichipeza."