Seva ya ku Groningen

"Zimitsa chinthucho, Tjerk, mbatatesi zikuzizira," anatero mayi ake.

"Ndingolemba mzere umodzi wokha, amayi."

Tjerk ankasintha netiweki ya seva, kompyuta yaikulu yonyamula mapulogalamu onse a kuntchito, ali pa kompyuta yake kunyumba. Linali tsiku lomaliza lomuyesa ntchito, ndipo ankafuna kugometsa bwana. Atadina batani, seva inangoti zii. Anali atadula njira imene iye mwini ankalowera.

Atafotokoza zimene zachitika, mayi ake anati, "Sukulu yonse ija? Pita ukakonze ndi manja."

"Ili ku Groningen, amayi."

"Sitima zatha?"

Anayenda maola awiri pa sitima kupita ku mzindawo. Anapeza bwana ataima pakhomo la chipinda cha seva. Tjerk anagunditsa khadi lake, chitseko osatseguka.

"Usadzivute," anatero bwana. "Pulogalamu yotsegula chitsekochi ili mu seva yomweyo."